Msipu Wofesa Ukakanika: Kupeza Gwero la Vuto Musanagulenso Mbewu Ina

Madandaulo a alimi amene amafesa msipu wa ziweto amafanana chaka ndi chaka: mbewu sinamere, nyemba zatha m'busa, udzu umodzi wapondereza unzake, kapena ng'ombe zadwala zitangolowetsedwa mu msipu watsopano. Kawirikawiri mlandu umagwera wogulitsa mbewu, ndipo nyengo yotsatira mlimi amagula thumba la dzina lina n'kukumananso ndi vuto lomwe lija. Nthawi zina mbewu imakhaladi yoipa. Koma zolephera zambiri zimayamba pamene mitundu yosakaniza yasankhidwa popanda kuganizira kuti dothi ndi lotani, mvula imagwa yochuluka bwanji, nyengo youma imatalika motani, ndi ziweto ziti zimene zidzadye, ndiponso zidzadyetsedwa mwa dongosolo lanji.

Pansipa mavuto asanjidwa motsata chimene mukuchiona m'busa, ndipo pa chizindikiro chilichonse zifukwa zayambira pa chimene chimachitika kawirikawiri. Nthawi imene vuto linaonekera imathandiza kwambiri: la m'milungu yoyambirira limaloza ku kafesedwe, la m'chaka choyamba limaloza ku kadyetsedwe, pamene la m'chaka chachiwiri kapena chachitatu nthawi zambiri limaonetsa kuti mitundu imene munasankha sigwirizana ndi malowo. Nyemba zimene zikutchulidwa pano ndi zomera za banja la nyemba zofesedwa pamodzi ndi udzu, monga clover, lucerne, desmodium, stylo, siratro ndi lukina.

## Mbewu sinamere, kapena yamera mwa apo ndi apo

Musaweruze msanga. Udzu wa ryegrass umatuluka patangotha sabata imodzi kapena ziwiri m'dothi lonyowa, koma udzu wa m'madera otentha monga guinea ndi brachiaria umamera pang'onopang'ono ndiponso mosiyanasiyana, moti milungu itatu kapena inayi ikhoza kudutsa busa lisanayambe kubiriwira. Nthawi imeneyi ikapita, fufuzani izi:

1. Mbewu inakwiriridwa mozama. Ichi ndicho chimapha mbewu ya msipu kuposa china chilichonse. Njere ya udzu ndi yaing'ono kwambiri, ndipo chakudya chimene ili nacho mkati chimatha mphukira isanafike pamwamba. Njere za udzu wa Rhodes ndi guinea, komanso za clover, siziyenera kupitirira sentimita imodzi pansi pa dothi, pamene brachiaria, imene njere yake ndi yokulirapo, imapirira masentimita awiri. Kumbani ndi mpeni pamalo pamene sipanamere. Mukapeza mphukira zoyera, zopindikapindika, zimene zafera m'dothi zisanaone dzuwa, mbewu inali yamoyo ndipo cholakwika chinali kuya kwake.
2. Dothi silinatsenderedwe. Mbewu yaing'ono imafuna kukhudzana ndi dothi kuti imwe chinyezi, ndipo m'munda wa zibuma kapena wofewa mopitirira imangolendewera m'mipata ya mpweya n'kuuma. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: udzu umamera bwino mmene munadutsa matayala ndi mmene anthu anaponda, koma pakati pake pali mbee. Munda wokonzeka bwino ndi umene phazi likaponda silimira kupitirira sentimita imodzi. Salazani, fesani, kenako tsenderani ndi chogudubuza.
3. Mvula inadula mbewu itayamba kumera. Njere imene yamwa madzi n'kutulutsa kamuzu sibwerera m'mbuyo, ndipo pamwamba pa dothi pakauma kwa masiku angapo imafa. Kufesa pa mvula yoyamba yeniyeniyo n'kuika mbewu pa chiswe. Dikirani mpaka dothi litanyowa kufika pansi ndipo mvula yakhazikika.
4. Mbewu inali yofooka, yakale, kapena yogona. Za ichi tifotokoza bwino m'munsimu.
5. Nyerere, mbalame kapena madzi zinatenga mbewu. Yang'anani pakhomo pa mauna a nyerere ngati pali mankhusu a njere, ndipo onani ngati udzu wamera mothithikana m'makwawa ndi kumunsi kwa munda pamene kumtunda kulibe kanthu.
6. M'dothi munatsala mankhwala opha udzu. Atrazine wothiridwa m'chimanga akhoza kutsalira n'kuwononga mbewu zofesedwa pambuyo pake, ndipo picloram ndi aminopyralid amapha nyemba ngakhale patapita nthawi yaitali. Tengani dothi la m'mundamo ndi lina la pamalo posathiridwa mankhwala, dzalani nyemba wamba m'zitini ziwiri, ndipo yerekezani masamba ake. Akapiringizika m'chitini chimodzi chokha, yankho mwalipeza.

Kuyesa mbewu ndi ntchito yaing'ono imene alimi ambiri amailumpha. Werengani njere 100 za mtundu uliwonse paokha, ziyaleni pa nsalu yonyowa, pindani, ndipo sungani pamalo ofunda osalola nsaluyo kuuma. Pakatha masiku 14 mpaka 21 werengani zimene zamera. Chiwerengero chimenechi chiyenera kuwerengedwa pamodzi ndi kuyera kwa mbewu kumene kwalembedwa pa thumba, chifukwa thumba la udzu limakhala ndi mankhusu, fumbi ndi njere zopanda kanthu mkati. Ngati mbewu ndi yoyera 90 peresenti ndipo imamera 70 peresenti, ndiye kuti pa makilogalamu 100 aliwonse 63 okha ndiwo mbewu yamoyo, choncho mulingo wofesera uyenera kukwezedwa mogwirizana ndi zimenezo. Mbewu yokutidwa ndi laimu kapena mankhwala imafuna kusamala kwina, popeza chokutiracho chimalemera, ndipo kilogalamu imodzi imakhala ndi njere zochepa kwambiri poyerekeza ndi mbewu yosakuta.

Mbewu ina imakhala yamoyo koma yogona. Mbewu ya udzu wa buffel imene yangokololedwa kumene simera bwino mpaka itasungidwa pouma kwa miyezi 6 mpaka 12, ndipo guinea ndi brachiaria nazonso zimafuna miyezi ingapo. Nyemba monga lukina, stylo ndi siratro zili ndi khungu lolimba limene sililola madzi kulowa. Pa nsalu yonyowa ija, njere zotere zimakhalabe zolimba gwa, zosatupa ndiponso zosaola, kusiyana ndi njere zakufa zimene zimafewa n'kuchita nkhungu. Khungu limafewetsedwa popalapala njere ndi sandipepa, ndipo za lukina zimaviikidwa m'madzi otentha madigiri 80 kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zisanafesedwe.

## Yamera bwino, koma yazimiririka m'miyezi yoyambirira

Chifukwa chachikulu ndi zomera zosafunika. Udzu wokhalitsa umayamba ndi kukhazikitsa mizu, choncho pamwamba umakula mochedwa ndipo tchire la chaka chimodzi limauphimba mosavuta. Tchetchani pamwamba pa msipu wanthetewo, modula tchire lokha, lisanachite maluwa. Musathire 2,4-D kapena mankhwala ena opha zomera za masamba aakulu mu msipu wosakaniza musanafunse mlangizi, chifukwa nyemba zambiri zimafa pamodzi ndi tchirelo.

Chachiwiri ndi kulowetsa ziweto msanga. Gwirani tsinde la udzu pakati pa zala n'kukoka mwamphamvu ngati mmene ng'ombe imakokera ndi lilime. Masamba akaduka mizu n'kutsala, msipu wakonzeka. Likazuka ndi mizu yomwe, dikirani. Ryegrass imafika pamenepa patapita milungu 6 mpaka 8, koma udzu wa m'madera otentha umatenga miyezi itatu kapena inayi, ndipo ngati wamera mopatukana ndi bwino kuusiya uchite njere kamodzi kuti udzifese wokha. Kudyetsa koyamba kukhale kopepuka, kwa ziweto zing'onozing'ono, pa tsiku limene dothi silili matope.

Ntchemberezandonda, ziwala ndi chiswe zimabwera pambuyo pa zifukwa ziwirizi, koma zikabwera zimamaliza busa lanthete m'masiku owerengeka. Yenderani munda m'mamawa kapena madzulo. Mukaganiza zopopera mankhwala, werengani pa botolo masiku amene ziweto ziyenera kudikira zisanalowenso.

Mbande zikakhala zachikasu, zofiirira kapena zokwinimbira m'munda monse, pitani ku nkhani ya dothi imene ili m'munsimu, pa mutu wonena za nyemba zimene zatha.

## Munafesa mitundu isanu, koma ukuoneka umodzi

Apa m'pamene mbewu zosakaniza zimakhumudwitsa anthu kwambiri, ndipo mndandanda wautali wa mayina pa thumba si umboni wakuti msipu udzakhala wabwino. Mitundu iwiri kapena itatu ya udzu ndi umodzi kapena iwiri ya nyemba, yosankhidwa mogwirizana ndi malo, imapambana thumba la mitundu khumi limene theka lake silingakhale moyo pa dothi lanu.

1. Muli mtundu wothamanga kukula. Italian ryegrass imamera mwachangu n'kuphimba udzu wa tall fescue ndi cocksfoot komanso clover zisanakhazikike, kenako iyo yomwe imatha patapita chaka chimodzi kapena ziwiri n'kusiya mipata. Msakanizo wotchipa kawirikawiri umadzazidwa ndi mitundu yotereyi chifukwa imakongoletsa munda msanga. Ngati mukufuna msipu wokhalitsa, mtundu wothamanga ukhale wochepa kwambiri, kapena ufesedwe pa gawo lakelake.
2. Kulemera kunakunamizani. Maperesenti a pa thumba amanena za kulemera, osati chiwerengero cha njere. Kilogalamu ya white clover imakhala ndi njere pafupifupi 1.5 miliyoni, pamene ya perennial ryegrass ili ndi pafupifupi theka la miliyoni. Choncho makilogalamu 3 a clover pakati pa makilogalamu 20 a ryegrass amaoneka ochepa pa sikelo, koma pa njere zitatu zilizonse pafupifupi imodzi imakhala ya clover.
3. Njere zinapatukana pofesa. Njere zozungulira ndi zolemera zimatsikira pansi pa chofesera n'kuyamba kutuluka, pamene zaubweya monga Rhodes ndi buffel zimagwirana n'kutsalira. Zotsatira zake, mbali imodzi ya munda imadzaza nyemba ndipo mbali ina udzu wokhawokha. Sakanizani mbewu ndi mchenga wouma kapena utuchi, takasani pafupipafupi, ndipo ngati n'kotheka fesani udzu ndi nyemba padera, kamodzi m'litali kamodzi m'lifupi mwa munda.
4. Ziweto zasankha. Mtundu wokoma umadyedwa mpaka kutha ndipo wosakoma umafalikira. Zimenezi zimachitika makamaka pamene ziweto zochepa zasiyidwa pa busa lalikulu kwa nthawi yaitali.

## Nyemba zatha, kapena zilipo koma n'zachikasu

Nyemba ndizo zimakweza zomanga thupi mu msipu ndi kupatsa udzu nayitrojeni, ndipo ndizonso zimayamba kutha zinthu zikalakwika. Msipu wosakaniza bwino umakhala ndi nyemba pafupifupi 20 mpaka 30 peresenti ya chakudya chonse.

Choyamba kuchikayikira ndi dothi. Nyemba zimafuna fosiforasi wochuluka kuposa udzu, ndipo mizu ya udzu imamulanda mosavuta akakhala wochepa. Salifa ndi potaziyamu akaperewera, zotsatira zake n'zofanana. Asidi wa m'dothi nayenso amasankha mitundu: clover imakula bwino pa pH (muyezo wa asidi wa m'dothi, umene nambala yake imatsika asidi akachuluka) ya 6 mpaka 6.5, lucerne imafuna 6.5 kupita m'mwamba ndiponso dothi lakuya losasunga madzi, pamene stylo imapirira dothi la asidi ndi losauka limene lucerne singakhalemo ngakhale nyengo imodzi. Wofesa lucerne pa dothi la asidi kapena la lowe sanagulitsidwe mbewu yoipa. Anasankha mtundu wolakwika. Yezetsani dothi musanagule mbewu, ndipo ngati pakufunika laimu, athiridwe miyezi ingapo musanafese, chifukwa amagwira ntchito mochedwa.

Chachiwiri ndi mabakiteriya a rhizobium. Zulani chomera mosamala ndi dothi lake, tsukani mizu, ndipo yang'anani timibulu timene timamera pa mizuyo. Dulani kamodzi ndi chikhadabo. Kakakhala kofiirira mkati, kakugwira ntchito yokoka nayitrojeni kuchokera mu mpweya. Kakakhala koyera kapena kobiriwira, kapena ngati timibuluto palibe, chomeracho chikudalira nayitrojeni wa m'dothi basi. Siratro imagwirizana ndi mabakiteriya amene amapezeka kale m'nthaka zambiri za m'madera otentha, koma clover, lucerne, desmodium ndi lukina zimafuna mtundu wakewake, ndipo pa munda umene sizinalimidwepo mbewu iyenera kupakidwa mabakiteriya oyenera. Mabakiteriyawa ndi amoyo: amafa ndi dzuwa, kutentha, kukhalitsa, ndiponso akasakanizidwa mwachindunji ndi feteleza. Pakani pa mthunzi ndipo fesani tsiku lomwelo.

Chachitatu ndi feteleza wa nayitrojeni. Mlimi akaona msipu ukuchedwa amathira yureya, udzu umakula msanga n'kuphimba nyemba, ndipo nyengo yotsatira msipu umafunanso yureya wochuluka chifukwa nyemba zija zapita. Sankhani njira imodzi: msipu wa udzu wokha wodalira feteleza, kapena wosakaniza wodalira nyemba umene umalandira nayitrojeni wochepa.

Chachinayi ndi kadyetsedwe, ndipo apa mitundu imasiyana kotheratu. White clover imayanga pansi, choncho imakonda msipu wodyetsedwa pafupipafupi ndipo imafa udzu ukatalika n'kuichititsa mthunzi. Siratro ndi desmodium zimakwera pa udzu ndipo nsonga zake zophukira zili m'mwamba, moti zikadyedwa mpaka pansi mobwerezabwereza zimatha. Lucerne imafuna kupuma pafupifupi mwezi umodzi kapena kuposerapo ikadyedwa. Nkhosa zimatola nyemba mwaluso kuposa ng'ombe ndipo zimadya pafupi ndi dothi, kotero msakanizo umene umakhalitsa pansi pa ng'ombe ukhoza kutha nyemba m'nyengo imodzi pansi pa nkhosa.

Matenda ndi tizilombo zimabwera kumapeto: anthracnose amadetsa masamba ndi mapesi a stylo, ndipo kachilombo ka psyllid, kamene kanafalikira m'mayiko ambiri otentha m'zaka za m'ma 1980, kamayamwa nsonga za lukina. Yankho lokhalitsa ndi kusankha mitundu yopirira.

## Msipu unali wabwino chaka choyamba, koma sunapirire

1. Mtunduwo si wa nyengo ya kumaloko. Ryegrass, fescue ndi cocksfoot ndi udzu wa m'madera ozizira. Ryegrass imakula bwino kutentha kukakhala pafupifupi madigiri 20, ndipo imavutika kukapitirira 30, makamaka popanda kuthirira. Rhodes, guinea, brachiaria ndi nsenjere zimakonda kutentha kwa madigiri 30 kapena kuposerapo, zimaima kukula kukazizira pansi pa 15, ndipo chisanu chimapsereza masamba ake. Pa nkhani ya mvula, buffel imakhala moyo ngakhale pa mamilimita 400 pa chaka, Rhodes imafuna 600 kupita m'mwamba, pamene nsenjere imabereka bwino pa 1,000 kapena kuposerapo.
2. Munagula mitundu ya chaka chimodzi mosadziwa. Werenganinso dzina lenileni pa thumba.
3. Msipu sukupuma. Udzu umaphukanso pogwiritsa ntchito chakudya chosungidwa m'tsinde ndi m'mizu, ndipo ukadyedwanso usanachibwezeretse, mizu imafupika mpaka chilala chaching'ono n'kuumaliza. Gawani busa m'zigawo. Ryegrass idyetsedwe tsinde lililonse likakhala ndi masamba atatu ndipo isiyidwe pa masentimita 4 mpaka 5. Brachiaria ya Marandu ilowedwe pa masentimita 25 mpaka 30 n'kusiyidwa pa 15. Guinea ya Mombaça ilowedwe pa masentimita 90 n'kusiyidwa itatsala pafupifupi theka. Miyezo yosiyana chonchi ikusonyeza chifukwa chake udzu wautali ndi waufupi suyenera kukhala m'thumba limodzi: kutalika koyenera wina kumapha mnzake.
4. Nayitrojeni watha. Munda wongolimidwa kumene umatulutsa nayitrojeni kuchokera ku zinyalala zowola, ndiye chaka choyamba chimanamiza. Rhodes wopanda nyemba kapena feteleza amayamba kuchita chikasu ndi kuchepa mphamvu m'zaka zotsatira. Mukaona kuti udzu ukubiriwira kwambiri pamene ng'ombe zinakodza ndi kusiya ndowe pokha, vuto ndi chonde, osati mbewu.
5. Madzi amaima, kapena tizilombo tagwira mizu. Buffel ndi lucerne zimafa pa lowe. Ku South America, kachilombo ka spittlebug kanawononga kwambiri Brachiaria decumbens, ndipo n'chifukwa chake Marandu, imene bungwe la Embrapa la ku Brazil linatulutsa mu 1984, ndi Mulato II ya bungwe la CIAT zinafalikira, popeza zimapirira kachilomboka.

## Udzu ulipo wambiri, koma ziweto sizikunenepa ndipo mkaka sukukwera

Nthawi zambiri udzuwo wakhwima. Ukangotulutsa ngayaye, mapesi amachuluka, zomanga thupi zimatsika, ndipo ng'ombe imakhuta isanapeze zokwanira. Dyetsani msanga, ndipo wotsala mudule kuti muumitse kapena kuufutsa. Ngati msakanizo uli ndi mitundu yokhwima pa nthawi zosiyana kwambiri, palibe tsiku limene yonse ingakhale pa msinkhu wabwino, ndipo kusankha mitundu yokhwimira limodzi ndiko kumathetsa vutolo pofesanso. Zikatero onaninso kuchuluka kwa nyemba, madzi akumwa ndi mchere wonyambita. Mbuzi, mwachibadwa, zimakonda masamba a zitsamba kuposa udzu, ndiye busa la udzu wokhawokha silizikwanira. Ziweto zikapitirira kuonda pa msipu wanthete wa nyemba zokwanira, dokotala wa ziweto ayeze ndowe ndi magazi, chifukwa njoka za m'mimba ndi matenda a nkhupakupa zimaoneka chimodzimodzi.

## Ziweto zadwala zitalowa mu msipu watsopano

Pa chizindikiro ichi musayesere nokha. Tulutsani ziweto zonse m'busamo modekha, osazithamangitsa, zipatseni udzu wouma ndi madzi, ndipo itanani dokotala wa ziweto nthawi yomweyo. Zimene zalembedwa apa n'zokuthandizani kumufotokozera bwino.

- Mimba yatupa mbali ya kumanzere, nyama ikupuma movutika. Uku ndi kutupidwa kwa thovu, kumene kumachitika pa clover ndi lucerne wanthete, makamaka nyemba zikapitirira theka la msipu ndipo ziweto zalowa zili ndi njala pa msipu wonyowa ndi mame. Nyama ikhoza kufa pasanathe ola limodzi. Musaboole mimba ngati simunaphunzitsidwe, ndipo musamwetse kanthu nyama imene yagwa kale. Popewa, zidyetseni udzu wouma zisanalowe ndipo zizolowezeni pang'onopang'ono. Nyemba za desmodium, birdsfoot trefoil ndi sainfoin sizitupitsa kawirikawiri.
- Kupuma mwabefu, kunjenjemera, kugwa mwadzidzidzi. Ngati mu msakanizo muli mapira a ziweto kapena Sudan grass, kayikirani chiphe cha prussic acid, chimene chimachuluka mu mphukira zosafika masentimita 60 ndi mu zomera zopanikizidwa ndi chilala kapena chisanu. Magazi amakhala ofiira mowala. Ngati busa linalandira nayitrojeni wambiri kenako kunachita chilala kapena mitambo ya masiku ambiri, kayikirani nitrate. Magazi ndi nkhama zimakhala zabulauni. Mankhwala a ziphe ziwirizi ndi osiyana, n'chifukwa chake mtundu wa magazi uyenera kunenedwa.
- Ng'ombe yoyamwitsa ikunjenjemera, yachita ukali, ikugwa n'kumaphupha. Kuchepa kwa magineziyamu kumachitika pa udzu wanthete wokula msanga umene walandira nayitrojeni ndi potaziyamu wambiri.
- Nkhope ndi makutu zatupa, khungu loyera likusupuka, maso achita chikasu. Brachiaria decumbens imawononga chiwindi cha nkhosa, mbuzi ndi ana a ng'ombe, ndipo khungu limayamba kupsa ndi dzuwa. Ikani nyamazo pa mthunzi. Woweta nkhosa asaike mtundu umenewu pakati pa msakanizo wake.
- Ubweya ukuthothoka, dovu likutuluka, nyama ikuonda pa lukina. Chiphe cha mimosine ndicho chimachititsa. Ng'ombe ndi mbuzi zimene zili ndi mabakiteriya a Synergistes jonesii m'chifu zimachigaya. Apo ayi, lukina asapitirire 30 peresenti ya chakudya. Akavalo ndi nkhumba zimavutika nacho kwambiri.
- Kutsimphina, kulephera kupirira kutentha, kudzandira. Tall fescue yakale monga Kentucky 31 imakhala ndi fangasi mkati mwake imene imatulutsa chiphe chofinya mitsempha ya magazi, ndipo akavalo a bere amachedwa kubereka n'kusowa mkaka. Mu perennial ryegrass, fangasi yofanana nayo imachititsa kudzandira. Fangasi imeneyi siioneka ndi maso ndipo imayenda m'njere, choncho funsani musanagule ngati mbewuyo ilibe fangasi kapena ili ndi mtundu wosavulaza ziweto.
- Kavalo watupa mafupa a kumaso ndipo akuyenda mowuma. Udzu wa setaria, buffel ndi kikuyu uli ndi oxalate amene amatsekereza kashiamu m'thupi. Vutoli limabwera pang'onopang'ono, ndipo ng'ombe zodya pa busa lomwelo zikhoza kuoneka bwinobwino.

Nyama ikafa, musaidye, musaigulitse, ndipo musaitumbule dokotala asanafike, chifukwa imfa yadzidzidzi imayambanso ndi matenda monga anthrax amene amagwira anthu.

## Pamene pakufunika mlangizi wa msipu kapena labotale

Kupatula matenda a ziweto, pali nthawi zina pamene kufesanso mwa nokha n'kungotaya mbewu:

- msipu walephera kawiri pa munda womwewo ngakhale mbewu inamera bwino pa nsalu;
- pamwamba pa dothi pakuoneka zoyera ngati mchere, kapena madzi amaima kwa masiku ambiri mvula itasiya;
- mukukayikira zotsalira za mankhwala opha udzu, kapena mukufuna kupopera msipu umene uli ndi nyemba;
- mwamera chomera chachilendo chimene sichinali m'munda musanafese;
- mukufuna kubweretsa mbewu kuchokera kudziko lina. Malamulo a mbewu amasiyana dziko ndi dziko, ndipo udzu wothandiza kwina umasanduka mliri kwina, monga mmene buffel yafalikira m'tchire la pakati pa Australia ndi ku Arizona n'kuwonjezera moto wolusa.

Msipu umene wamera mopatukana sufunika kugawulidwa nthawi zonse. Udzu woyanga monga Rhodes ndi kapinga umatseka mipata wokha ukapatsidwa mpumulo ndi chonde, pamene wa zitsinde monga guinea ndi cocksfoot sutero, ndipo mipata yake imafuna kufesedwanso. Mlangizi akhoza kuwerenga mbande pa mita imodzi m'litali ndi m'lifupi pamalo angapo n'kukuuzani ngati ndi bwino kudikira, kufesa pamwamba, kapena kuyambiranso. Ngati mukuganiza zosintha mitundu, yesani kaye pa kagawo kakang'ono kwa nyengo yathunthu, ya mvula ndi youma yomwe, ziweto zanu zikudyapo.

Pogula, onetsetsani kuti pa thumba palembedwa dzina la mtundu uliwonse ndi peresenti yake, kuyera kwa mbewu, kameredwe, tsiku limene inayesedwa, kuchuluka kwa njere za tchire, ndi nambala ya gulu la mbewuyo. Thumba longolembedwa kuti msipu wa ng'ombe popanda mayina a mitundu musaligule. Mukafesa, sungani chikalata cha pa thumba pamodzi ndi mbewu yodzaza dzanja m'botolo louma lotsekeka bwino, ndipo lembani tsiku lofesa, mulingo, feteleza ndi mmene mvula inagwera. Vuto likadzabuka, mbewu yosungidwayo ndi imene labotale idzayeze, ndipo nambala ya gulu ndi imene wogulitsa adzafunse asanamve dandaulo lanu.